Akapuku a Pamtumbila

Sendelani kuno inu muli kumbuyo, mphasa ikadali ndi malo. Amene ali ndi mwana wolila amuyamwitsiletu, chifukwa ine ndikayamba sindibweleza. Nkhaniyi ena munaimva kwa amuna anga, koma iwo amaikamba mokomela nyundo yawo. Lelo muimve kwa mwini khasu.

Ine kwathu ndi kufupi ndi Minga, kuno ku Nyalugwe ananditenga amuna anga. Mudzi wathu uli m'dambo, ndipo mtsinje umatizungulila ngati chigongono. Kale mvula ikalimba, madzi ankalowa mpaka m'makhitchini, mapoto n'kumayandama okha. Ndiye chaka china anthu a ku boma anabwela ndi mawilibala ndi chigalimoto chokankha dothi, tinaunjika khoma la dothi kuyambila kumanda mpaka pamkuyu. Eniake ali nalo dzina lachizungu. Ife tinangoti mtumbila, poti linafanana ndi mtumbila wa kandolo, mbatata yotsekemela ija, kungoti uwu pamwamba pake ngolo ya ng'ombe imayenda bwinobwino.

Mtumbila utatha, mantha anathanso. Mvula zinagwa, zinapita, madzi osalowa. Anthu anayamba kumanga nyumba m'tsinde mwenimweni mwa mtumbila, kumene kale ngakhale khola la nkhumba sitikanayesa. Mmodzi mwa iwo anali asewele anga. Mwana wanga wamwamuna anakwatila mwana wawo wamkazi, n'chifukwa chake timaitanana chotelo. Iwo anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, nkhondo itatha sanabwelelenso. Miyendo yawo inatupa kalekale, amayendela ndodo ziwili, kuchoka pakhonde kukafika pachitsime amapuma katatu. Ana athu aja ali ku Petauke pantchito, ndiye anawamangila kanyumba pokhota mtumbila, pafupi ndi chitsimecho, kuti madzi asawavute. Nyumba yomaliza, yam'munsi kuposa zonse.

Koma asewele mtumbilawo sanaukonde. Amati akakhala pakhonde n'kuuyang'ana, amvekele, "Asewele, chinthu ichi chikungotibisila madzi kuti tisawaone akubwela."

Ine n'kuseka. "Inu mantha a kwanu munawoloka nawo malile. Bwanji simunawasiye komweko?"

"Sekani. Muli ndi miyendo."

Tsopano mvetsetsani za ine. Ena amafooka ndi mowa, ena ndi fodya. Ine ndi mbewa. Ndinakula ndikukumba ndi alongo anga, ndipo ndinkawaposa onse. Ndikangoyang'ana dothi la pakhomo pa una, ndimadziwa ngati mwini nyumba alimo kapena anasamuka. Pamtumbila panali lamulo: osalima, osamangilila mbuzi, osakumba. Koma taganizani. Minda yonse anthu atentha, atembenuza, mbewa zilibe pokhala. Zipita kuti? Pamtumbila! Pouma, pokwezeka, popanda khasu. Zinadzazana pamenepo ngati anthu pasiteshoni ya minibasi ku Nyimba.

Tsiku lina m'chilimwe, dzuwa lili paliwombo, anthu onse abisala m'makonde, ndikuchokela kudimba ndi kakhasu kanga. Ndikudutsa pokhota paja, kumbali yoyang'ana kumtsinje, maso anga anagwela pa kadothi kofewa kotseka una. Kapuku! Amene simumudziwa, kapuku ndi mbewa ya mafuta okhaokha, imadzitsekela pansi n'kumagona, ndipo sigona yokha. Malovu anadzadza m'kamwa. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko, kulibe munthu. Ndinati ndingokanda pang'ono.

Kukanda kwake! Unawo unalowa chammbali, ine nawo. Unakhotela pansi, ine nawo. Khasu litalephela ndinalowetsa mkono mpaka phewa, kenako mutu womwe. Pomwe ndimafika pachisa, dzenjelo linali loti mbuzi yaikulu ikanagonamo osaoneka. Ndinawatulutsa mmodzimmodzi ali tulo, ofunda, onenepa, asanu ndi anayi. Ndinavina ndekha pamenepo, fumbi lili tolo.

Nditamaliza kuvina m'pamene ndinaliona dzenje bwinobwino. Dothi lambili linali litatsetselekela kumtsinje. Ndinathamanga n'kutola mapesi ndi udzu wouma, ndinaphatika m'katimo, pamwamba n'kuika dothi. Ndinatunga madzi, ndinazila ndi chikhatho monga ndimazilila m'nyumba mwanga, ndinawaza fumbi, n'kudzala timaudzu. Ine kuzila ndimatha, musandiyese. Panaoneka posalala kuposa pena paliponse.

Akapukuwo ndinawawamba, anayi ndinapita nawo kwa asewele. Anadya mafuta akutsikila m'chigongono.

"Awa mwawapeza kuti, asewele, chaka chouma chino?"

"Kumunda wa thonje," ndinatelo ine, maso ali m'mbale.

Mvula itatsala pang'ono, kunabwela amai wina wa ku boma pa njinga yamoto, wamfupi, wa mawu ngati belu. Anatisonkhanitsa pansi pa mango wa kutchalitchi. Choyamba anafunsa kuti, "Ndani pano amakhulupilila kuti madzi sangadzalowenso m'mudzi muno?" Tonse manja m'mwamba, kupatula asewele. Iye anati, "Amai awo okha ndiwo akhoza. Mtumbila umakupatsani nthawi yothawila. Ukadzagumuka, madzi sadzabwela chokwawa ngati kale ayi, adzabwela onse pamodzi."

Asewele anandigunda ndi ndodo pamwendo. "Mwamva? Mantha a kwathu aja akwela njinga yamoto."

Amaiwo anakhala nafe masiku atatu, mudzi unatekeseka ngati kuli ukwati. Tinazika mlongoti m'mphepete mwa mtsinje. Amaiwo anafuna kulembapo manambala, ine ndinati, "Nanga ife amene sukulu tinangoiona denga?" Ndiye anapaka utoto: m'munsi woyela, pakati wachikasu, pamwamba wofiila. Madzi akafika poyela, tiyambe kulondela mtumbila. Akafika pachikasu, timange katundu, mbuzi ndi ng'ombe zosakoka ngolo zikwele kumtunda. Akafika pofiila, chitsulo chilile, aliyense athawile kusukulu ya pachulu paja. Chitsulocho chinali cha gudumu la thilakitala, tinachipachika pamango, ndipo nyundo anapatsa amuna anga. Anailandila ndi manja awili ngati akulandila mwana wakhanda. Lamulo linali loti wina asachikhudze, kuopa kuthamangitsa anthu pachabe.

Kenako tinagawana anthu osatha kuthamanga, aliyense ndi womunyamula wake. Asewele anagwela ife. Amuna anga akamenya chitsulo, amange ng'ombe, tikawatenge pangolo. Nanga ngolo idzela kuti, poti m'dambo nthawi ya mvula ndi matope ofika m'mawondo? Onse anayankha pamodzi kuti pamwamba pa mtumbila, ndiyo njila youma. Kuchoka kwa asewele, kukwela pokhota, kutsata mtumbila mpaka pamkuyu, basi wafika kumtunda.

Pokhota. Pa mapesi anga.

Tinayesezela kuthawa tsiku lachitatu, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Amuna anga anamenya chitsulo, ngwee! ngwee! Kuthamanga kwake, abale! Wina wanyamula nkhuku m'khwapa, wina wailesi pamutu, wina anafika kusukulu ndi mtondo koma mwana atamuiwala pamphasa. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Asewele tinawakweza pangolo atavala chitenje cha kutchalitchi, akubaibitsa anthu ngati mkwatibwi. Ine ndikuyenda pambuyo. Gudumu litaponda m'mphepete mwa pokhota paja, ndinaona dothi likutsika pang'ono, ngati mimba ya munthu akapuma. Palibe wina anaona.

Madzulo ake tinayenda mtumbila wonse kufufuza maenje. Amaiwo anati, "Ndani amadziwa bwino mauna?" Mudzi wonse unaloza ine. Anandiveka chovala chachikasu chonyezimila, chija amavala antchito a mumsewu, n'kunena kuti ine ndiye mkulu wa maenje. Ndinachikonda chovala chimenecho, ndisakunamizeni. Ndinawapezela mauna ambilimbili, ndinawapezela pamene ena anakumbapo, ndinakalipa mokweza kuti anthu alibe nzelu. Titafika pokhota, amuna anga anaima pambali pa chigamba changa, nati, "Taonani pano kusalala! Mtumbila wonse ukanakhala chonchi, bwenzi tikugona miyendo ili tambalale."

Ine n'kungopitilila kutsogolo, chovala chikunyezimila.

Amaiwo anatiphunzitsa chinthu china chimene chinandikhala m'mutu. Anati madzi oyela akamatuluka kuseli kwa mtumbila, ndi thukuta chabe. Koma akamatuluka amatope, ndiye kuti akudya mtumbila m'kati. Anatinso dzenje silitsekedwa ndi zinyalala, limafuna dongo, kuthila pang'ono, kusinja ndi munsi, kuthilanso, kusinjanso.

Mudzati bwanji sindinakonze. Ndinayesa. Kawili konse ndinanyamula dongo m'beseni, koma tsopano pamtumbila sipankasowa munthu, poti tinali titagawana masiku olondela. Ndipo kuti ndisinje bwino ndikanayenela kufukula mapesi onse poyela. Mkulu wa maenje! Ndinkangoti ndikonza mailo, kukacha n'kutinso mailo. Mailo anandithela, mvula inagwa.

Inagwa masiku anayi osapuma. Mtsinje unafika poyela, tsiku lotsatila unanyambita pachikasu. Mbuzi zinakwela kumtunda, mitolo inamangidwa, koma anthu anali osangalala, akupita kumlongoti kukaonelela ngati kuli mpila. M'mawa wa tsiku lachisanu mvula inakata, kadzuwa kanatuluka, akazi anayanika zovala. Madzi anali pakati pa chikasu, pofiila pakadali mkono wathunthu. Ine ndinavala chovala changa, ndinazungulila kuseli kwa nyumba ya asewele.

M'tsinde mwa mtumbila munali kakasupe kakang'ono ngati kamwa ya botolo, kakubwatabwata. Ndinagwada, ndinatunga m'manja. Ofiila. Matope okhaokha, ngati phala la mawele. Ndikuyang'ana chomwecho, panatuluka kachidutswa ka phesi, kanazungulila kawili, n'kuyandama kupita ku khonde la asewele. Phesi langa ndinalizindikila.

Asewele anali pakhonde akusankha nyemba. "Mwaona chiyani, a bwana a maenje?"

Ndinakwinya chitenje, liwilo! Ine amene ndimati mawondo anandithela, tsiku limenelo ndinadumpha ngalande. Pamango ndinapeza amuna anga akusewela nsolo ndi anzawo, nyundo ili pambali pa mwendo. Ndinaitsomphola.

"Amai, amai! Mwapenga? Sanafike pofiila!" anakuwa amuna anga.

Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Anandigwila mkono. "Bweletsani nyundo yanga! Lamulo mukulidziwa!"

"Nditayeni, bambo! Mtumbila ukutuluka matope pokhota!"

"Pokhota? Posalala paja? Ndinaimapo ndekha, m'polimba ngati simenti."

Anthu anali atafika kale, ena ndi mitolo, ena akufunsa ngati tikuyesezelanso. Wina anati tibwelele, agogo alota masana. Ndinaona kuti ena ayamba kutula katundu pansi, ndipo amuna anga akuti ngati n'kuthawa, akamange ng'ombe tidzele pamwamba monga tinapangana. Pamenepo manyazi anandichoka ngati chitenje chakugwa pamsika. Ndinakwela pabenchi.

"Ndinakumba ine! M'chilimwe muja ndinakumba akapuku pokhota! M'kati muja mulibe dothi, muli mapesi! Ngolo ikadzela pamenepo tikwilila asewele ndi ng'ombe zomwe!"

Amuna anga anangoti kukamwa yasa. Kenako amai wina kumbuyo anakuwa, "Inu amene munanditukwana chifukwa cha kadzenje ka mwana wanga?" Ndinati, "Ine ndemwe! Mudzanditukwane kusukulu, tiyeni!"

Apa m'pamene kuyesezela kuja kunaonetsa ntchito. Palibe anafunsa kuti ndipite kuti. Aliyense anathamangila munthu wake, wakhungu ndi womugwila dzanja, wa mwana wakhanda ndi womunyamulila mtolo. Ife tinatsikila kwa asewele, ine, amuna anga, ndi amuna awili a pansolo paja. Kasupe uja anali atakula ngati mtondo, madzi afika pakhonde, nyemba zikuyandama. Ngolo inali yosatheka. Amuna anga anayang'ana uku ndi uku, anazula chitseko cha nyumba, tinawagoneka asewele pamenepo, aliyense kugwila ngodya yake. Tinalowa m'dambo, kudzela m'munda wa thonje.

Matope ake! Ukazula mwendo uwu, uwo walowa. Patapata wanga anatsala momwemo mpaka lelo. Asewele ali pamwamba, agwila ndodo zawo pachifuwa, mutu wawo uli kumbali yanga.

"Asewele."

"Ee."

"Ndamva kukuwa kwanu kuchokela pakhonde. Akapuku ake ndi aja ndinadya ine?"

"Omwewo."

"Munati a kumunda wa thonje."

"Ndiwo uno tikudutsamo, yang'anani ngati muli una."

"Ha! Munandidyetsa khoma langa lomwe, ine n'kumanyambita zala!"

Mmodzi mwa amuna aja anaseka mpaka chitseko chinapendama. Amuna anga anakalipa, "Gwilani bwino! Milandu kumtunda!" Koma asewele sanaleke. "Munadya asanu, ine anayi. Nyumba ikapita, yanga ndiyo ipite yonse? Nyamulani bwino mbali yanuyo, mwakhuta mafuta inu."

Ndinkalila ndi kuseka nthawi imodzi, phewa likuyaka moto.

Tinafika kusukulu tili matope mpaka m'makutu. Pepala la maina a anthu a m'mudzi linali litanyowa, koma ine mudzi wonse ndimausunga m'mutu, nyumba ndi nyumba kuyambila kumanda. Ndinaitana, iwo akuvomela. Onse analipo, ndi mwana woiwalika pamphasa uja, ulendo uno ali kumsana. Amuna ena anati atsike ndi matumba a mchenga akatseke. Amuna anga anakana, anati amai a ku boma ananena kuti matope akayamba kutuluka, munthu asaimenso pansi pake.

Sipanapite nthawi yophika nyemba n'kupsa. Tinamva kugunda kwa pansi, ngati ngolo yodzaza miyala ikugubuduka. Tonse tinathamangila kumpanda wa sukulu. Pokhota panali patatseguka, madzi ofiila akukhuthukila m'mudzi onse pamodzi, monga anatiuzila. Nyumba ya asewele inaima kanthawi, kenako inagwada, denga linanyamuka lathunthu n'kumazungulila m'dambo. Mbali ya mtumbila imene ngolo ikanadzela inali itapita.

Palibe anaseka pamenepo. Ndinapita pomwe anakhala asewele, atatsamila chitseko chawo, ndinagwada. Iwo anayang'ana dengalo mpaka linabisika kumabango, kenako anati, "Kwathu ndinathawa osatenga ngakhale supuni. Lelo ndatuluka ndi chitseko. Dzukani, asewele, mukandipezele madzi akumwa."

Madzi ataphwa, amai a ku boma anabwelanso. Ena anati andilande chovala. Iye anafunsa kuti, "Chitsulo chikanadikila pofiila, mukanakhala kuti?" Anatinso mtsinje unali wamphamvu chaka chimenecho, mwina ukanapeza pena pobowola. Mwina. Koma ine ndikudziwa pomwe unayambila, phesi lija ndinaliona ndi maso anga. Tinasintha mapangano tsiku lomwelo. Aliyense woona madzi amatope amenye chitsulo, ngakhale mlongoti ukunena zina. Njila zothawila zikhale ziwili, ndipo yam'dambo tinaithila miyala. Pansi pa mtumbila pasamangidwenso nyumba ya munthu wosatha kuyenda. Ndipo wokumba akaulula yekha mvula isanagwe, asatukwanidwe, angopatsidwa munsi. Mlungu womwewo anaulula anthu anayi, mmodzi ndi mkulu wa mpingo.

Amai a ku boma aja anawasamutsila kudela lina, koma ndimamva kuti kulikonse akaphunzitsa amafunsa kaye kuti, "Muno mumadya mbewa?" Amuna anga nyundo akadali nayo, kungoti tsopano imakhala pamphanda ya mango, poti aliyense aifikile, ndipo m'mawa uliwonse amapita kukaona ngati ilipo. Amai amene ndinawakalipila chifukwa cha kadzenje ka mwana wawo ananditukwanadi kusukulu, masiku awili, lelo timalondela limodzi. Ana athu anabwela kuchokela ku Petauke n'kuwamangila asewele nyumba kumtunda, pafupi ndi yathu yatsopano, chitseko n'chomwe chija. Madzi ndimawatungila ine, poti chitsime chinatsala kutali, ndipo pansi ndimawazilila ine, iwo atakhala pampando akugogoda ndi ndodo kuti amve ngati sindinaikemo mapesi. Ine ndinasenza dongo chilimwe chonse mpaka pokhota panatsekeka, tsitsi la paliwombo linathothoka, silinamelenso. Chovala sanandilande. Mbewa ndimadyabe, koma zogula pamsewu wa ku Nyimba, ndipo ndikapita nazo kwa asewele, sadya mpaka nditatchula munthu amene wandigulitsa.